Kodi tizithunzi ting'onoting'ono tingandidyetse kuno ku Joni?

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 27, kwathu ndi ku Dedza. Ndimakhala ku Cosmo City ndipo ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg masiku asanu pa sabata. Madzulo ndimapenta tizithunzi ting'onoting'ono, tina tosaposa chikhatho, chifukwa m'chipinda changa mulibe malo. Abwana anga aakazi anagula tiwiri, anzawo anagula titatu, ndipo mayi wina wapempha kuti ndiziphunzitsa ana ake Loweruka. Mtima ukundiuza kuti ndisiye ntchito. Kodi munthu angadye ndi tizithunzi totere? Mtengo ndiziutchula bwanji, nanga ndikagulitse kuti?

Yankho: Achimwene, munthu angadye nato ndithu, ineyo ndadya nato zaka zoposa 15, koma ntchito ya m'gadeniyo musaisiye chaka chino. Mundipirire, nditalikitsa pang'ono, chifukwa funso lanuli ndi lomwe ine ndinasowa womufunsa nthawi imene ndinkayamba.

Tiyambe ndi tisanu mwagulitsato. Onse amene agula ndi anthu okudziwani, kapena odziwana ndi abwana anu. Sindikunyoza ayi, nanenso kasitomala wanga woyamba anali gogo wina amene ndinkamupentera mpanda wa nyumba. Koma munthu wokudziwa akamagula, ndalama ina amaperekera chithunzi, ina amaperekera nkhope yako, ndipo iwe sungadziwe kuti yachithunzi ndi ingati. Mudzadziwa tsiku limene munthu wachilendo adzaime pa tebulo lanu, n'kunyamula kachithunzi, n'kukatembenuza, n'kukabwezera, n'kuchoka, kenako patapita kanthawi muone wabwerera chikwama chili m'manja. Zoterezi zikachitika kambirimbiri, m'miyezi yosiyanasiyana, pamenepo ndiye tinganene kuti pali geni.

Anthu amaganiza kuti wojambula amadzuka n'kumapenta mpaka dzuwa kulowa. Pa sabata yonse, ine burashi ndimaigwira masiku atatu basi, Lachiwiri mpaka Lachinayi. Lachisanu ndimapaka vanishi, kuika m'mafulemu, kujambula katundu pa foni ndi kukulunga zotumiza. Loweruka ndimaphunzitsa. Lamulungu ndimakhala pa msika kuyambira m'mamawa, chiimirire, kumwetulira anthu amene ambiri a iwo sagula kanthu. Lolemba ndi la kope la ndalama, kukagula zipangizo ndi kuyankha mauthenga. Ndiye mukamati musiye ntchito kuti muzipenta, dziwani kuti mukusiya ntchito imodzi n'kulowa zisanu, ndipo zinayi mwa izo si zimene mtima wanu ukulakalaka.

Za kuchepa kwa chipinda musadandaule nazo. Tebulo langa ndi chitseko chakale chimene ndinachiika pa mabokosi awiri pansi pa zenera. Chofunika ndi zeneralo. Ngati pali mwayi wosankha, sankhani loyang'ana kummwera. Kuno dzuwa limadutsira chakumpoto, ndiye zenera lakumpoto limalowetsa dzuwa lenileni limene limayendayenda pa tebulo n'kumakusinthirani mitundu ola lililonse, pomwe lakummwera limapereka kuwala kofatsa tsiku lonse. Mabuku olembedwa ku Ulaya amanena zosemphana ndi zimenezi chifukwa kwawo dzuwa limadutsira kummwera. Poti inu mumapenta madzulo, gulani babu loyera lolembedwa 5000K. Babu lachikasu limanama: chimene usiku chimaoneka chobiriwira bwino, m'mawa mumachipeza chili ngati masamba a nkhwani ofota.

Nyengo ya mzinda uno ilinso ndi makhalidwe ake. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July mpweya umauma gwa. Penti wa acrylic ukamufinyira pa mbale, usanamalize kusakaniza mtundu wachiwiri woyamba uja wachita kale chikhungu. Mankhwala ake ndi kontena ya majarini: yalani pansi tishu yonyowa, pamwamba pake pepala lophikira makeke lija, penti muzifinyira pamenepo, mukamaliza muvundikire. Amakhala wofewa mpaka mawa, nthawi zina mpaka mkuja. Mu August kumabwera mphepo ya fumbi, ndipo ife okhala kummwera kwa tauni, kufupi ndi milu ya dothi la m'migodi, timaidziwa bwino. Mukapaka vanishi vundikirani ndi katoni nthawi yomweyo, apo ayi mupeza kumwamba kwa chithunzi chanu kuli timchenga. Penti wa mafuta ndimamukonda, koma m'chipinda chimene mumagonamo ndi kuphikiramo musamulowetse, fungo la tapentaini lidzakudwalitsani mutu, komanso amafuna miyezi yambiri kuti aume mokwanira kupaka vanishi.

Chopentapo musagule kanvasi zing'onozing'ono za m'sitolo, nsalu yake ndi yokhakhala ndipo imameza tinthu tating'ono. Pitani kumalo kumene amadula matabwa a makabati mukapemphe zidutswa za supawood, za mamilimita 3 kapena 6. Zambiri amataya. Azikudulirani pa muyezo umodzi, mwachitsanzo A6, womwe ndi mamilimita 105 ndi 148, kapena A5, kuti mafulemu muzioda ambiri nthawi imodzi. Palani ndi sandipepa, pakani gesso (penti woyera woyambira, woti penti winayo agwirepo) katatu, ndipo kumbuyonso pakani kamodzi kuti thabwa lisapindike. Ngati ndi penti wa madzi, pepala likhale la 300gsm. Lopepuka limachita makwinya likanyowa.

Ubwino waukulu wa ntchito yaing'ono ndi wakuti chubu chimodzi chimatha miyezi, ndiye mungathe kugula penti wabwino amene wopenta zikuluzikulu amamuopa. Yambani ndi Dala, wopangidwa konkuno, ndipo ndalama zikalola onjezerani Winsor & Newton chubu chimodzichimodzi. Masitolo a zipangizo za ojambula ngati Herbert Evans ku Rosebank amakhala nazo zonsezi. Mitundu isanu ikukwanirani: woyera, buluu wa ultramarine, bulauni wa burnt sienna, chikasu ndi wofiira. Wakuda mudzampanga posakaniza buluu ndi bulauni uja, ndipo amaoneka wamoyo kuposa wogula. Kumbukirani kuti acrylic akauma amada pang'ono. Pa maburashi pali msampha umene aliyense amagwamo: kugula kaburashi ka 000 poganiza kuti chithunzi chaching'ono chimafuna ubweya utatu. Kameneko sikasunga penti, kamauma musanafike pa thabwa. Burashi ya nambala 2 kapena 4 yokhala ndi nsonga yakuthwa imalemba mzere wowonda womwewo ndipo imayenda mtunda. Muziitsuka ndi sopo wobiriwira wochapira uja, osaisiya itaima m'madzi.

Tsopano nkhani ya luso lenileni. Kachithunzi kakang'ono si chithunzi chachikulu chofinyidwa. Ndinaphunzira zimenezi ndi mayi wina wootcha chimanga pafupi ndi renki ya matakisi ya Bree. Ulendo woyamba ndinaikamo zonse: matakisi, nyumba zosanja, zikwangwani, anthu odutsa, mayiyo ali pakati ngati nyerere. Ukaima patali chinkaoneka ngati phala la mitundu. Chinakhala pa tebulo miyezi inayi. Kenako ndinatenga kathabwa kena n'kupenta mbaula yokha, manja awiri a mayiyo, zimanga zitatu, chimodzi chopsa mbali imodzi, ndi utsi ukukwera kumanzere. Nkhope sindinaikepo n'komwe. Kanagulidwa tisanafike 11 koloko, ndi bambo amene anati kamukumbutsa agogo ake. Kachithunzi kotere kamaonedwa kawiri. Koyamba munthu ali patali mamita atatu akuyenda, ndipo chimene chimamuimitsa ndi kuwala ndi mthunzi basi. Kachiwiri ali nako m'manja pafupi ndi mphuno, ndipo pamenepo mpamene amafuna kupeza kanthu kamene patali sanakaone. Mukamaliza kupenta, kaikeni pa khoma, mubwerere mpaka pakhomo, mutsinzine pang'ono. Ngati simukuzindikira chimene chili pamenepo, vuto si kuchepa kwa tinthu, ndi kuchuluka kwake.

Ndimapenta timatabwa tisanu ndi kamodzi nthawi imodzi, mtundu ukasakanizidwa umayenda ponseponse, kena kakuuma ine ndili pa kena. Mukamapenta kamodzikamodzi theka la madzulo limathera kudikira.

Muzipenta chiyani? Apa ndilankhula mosapsatira. Amalawi ambiri tikagwira burashi dzanja limathamangira pa mlambe, dzuwa likulowa, bwato pa nyanja ndi mayi wosenza mtsuko, chifukwa ndi zimene tinakula tikuona zikugulitsidwa kwa alendo ku Senga Bay, ku Cape Maclear ndi panja pa positi ofesi ku Lilongwe. Kayendeni pa msika wa ziboliboli ku Rosebank muone. Zithunzi zoterozo zili milumilu, zochokera m'mayiko onse a kuno ku Africa, ndipo wogula amangofunsa kuti wotchipa ndani. Mpikisano umenewo simungaupambane. Koma inu muli ndi chinthu chimene ojambula ambiri a m'tauni muno alibe: masiku asanu pa sabata manja anu amakhala m'dothi. Mukudziwa mmene duwa la aloe limafiirira m'nyengo yozizira, mmene clivia amatulukira mu September, mmene mutu wa agapanthus umalemerera mvula ikagwa, mmene mbalame yaphokoso ija amati hadeda imazikira mlomo wake mu kapinga. Anthu a m'mayadi amenewo amakonda magadeni awo kuposa mmene amakondera abale awo ena, ndikunena zoona. Pentani zimenezo. Pentaninso mzinda womwewu: jakaranda wa mu October ndi November, nsanja ya Hillbrow, nyumba yosanja yozungulira ya Ponte, mitambo yakuda ya masana a December matalala asanagwe. Gerard Sekoto anapenta misewu ya Sophiatown imene ankakhalamo, ndipo mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake, choyamba cha wojambula wakuda kulowa m'nyumba imeneyo. Sanapite kutali kukafuna chojambula.

Zakumudzi zili ndi msika wake, ndipo ndi anthu akwathu omwe. Mmalawi amene watha zaka zisanu osapita kwawo safuna mlambe wa aliyense. Amafuna phiri la Dedza monga limaonekera uli pa msewu wa M1, kabaza atanyamula mtolo wa nzimbe, sitima ya Ilala, chigayo cha pa tredingi pawo, kapena nkhope ya mayi ake kuchokera pa chithunzi cha pa foni. Amalipira pang'onopang'ono, kumapeto kwa mwezi, koma amauzana. Ndipo inu a ku Dedza musadzione ngati mwayamba zachilendo. Kwanu komweko kuli zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006, ndiponso ku Mua kuli malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, kumene Bambo Claude Boucher anayamba kusula amisiri mu 1976.

Tibwere pa mtengo, pamene ambiri timagwera. Manambala ndikupatsaniwa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu. Titenge kachithunzi ka A6. Thabwa, gesso, penti, vanishi ndi chokulungira, tinene R25. Fulemu R80. Nthawi yanu maola atatu, kuwerengera kupala ndi kupaka komwe. Malipiro otsikitsitsa amene boma la dziko lino linakhazikitsa mu March 2025 anali R28.79 pa ola, ndiye ngati mukudzilipira zochepera apo ndiye kuti mukudzibera nokha kuposa mmene bwana aliyense angakubereni. Tiike R60 pa ola, R180. Tafika pa R285. Tsopano tsiku la msika: tebulo tinene R400, thiransipoti yopita ndi kubwera ndi katundu R150. Mukagulitsa tisanu, kalikonse kasenza R110. Tafika pa R395, ndipo sitinawerengere tija timene sitidzagulidwa konse, chifukwa pa khumi tilipo timene tidzakhalire m'katoni mpaka kalekale. Mwaona kuti mtengo wa R450 si umbombo. Amene amagulitsa kachithunzi kotere R150 akugwira ganyu yaulere ndipo sakudziwa.

Ndiye tiwerengere mobwerera. Pa R450, mukachotsa zipangizo, fulemu ndi msika, m'thumba mumatsala R235. Ngati lendi, chakudya, thiransipoti, mayunitsi ndi ija mumatumiza kumudzi pa Mukuru zimakwana R7,000 pa mwezi, mukufunika kugulitsa tizithunzi 30. Kamodzi tsiku lililonse, mwezi ndi mwezi. Mu November zimatheka. Mu January ndi February, anthu atathera ndalama ku Khirisimasi ndi ku mayunifolomu a ana, mungathe kukhala Lamulungu lathunthu n'kubwerera ndi katundu yense, mutalipira tebulo. Ichi ndicho chifukwa ndikuti ntchito musasiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pakali pano malipiro a ku Randburg ndiwo ali pamphuno.

Mtengo muziulemba pa kapepala pambali pa chithunzi. Anthu ambiri a kuno amachita manyazi kufunsa, amangoganiza kuti n'chodula n'kudutsa. Ukhale umodzi kulikonse, kaya pa msika, pa WhatsApp kapena kwa anzawo a abwana, chifukwa anthuwa amakumana ndipo amafunsana. Wonenerera musakangane naye. Ine sinditsitsa, koma wogula tiwiri ndimamuikira kakhadi kosindikiza ngati banyira, ndipo amachoka akusekerera. Ndi pano pamene tizithunzi tating'ono timaposa zazikulu: munthu amagula titatu kuti akakoloweke pamodzi, ndipo mlendo wokwera ndege amangoponya m'chikwama cha m'manja. Choncho pentani m'magulu, maluwa atatu a nyengo imodzi, nsanja zitatu, mbalame zitatu.

Kogulitsira kulipo. Msika wa Lamulungu wa pamwamba pa Rosebank Mall ndi wodziwika, ndipo ku Victoria Yards ku Lorentzville kumakhala msika Lamulungu loyamba la mwezi. Misika yotere amafuna mulembetse ndi kutumiza zithunzi za katundu wanu, ndiye jambulani pa foni masana, pamthunzi, pa nsalu yoyera, musanaike galasi. Koma poyambira pabwino ndi timisika ta m'masukulu ndi m'matchalitchi ta mu October mpaka kumayambiriro kwa December, tebulo lake ndi lotchipa ndipo abwana anu aakazi akutidziwa tonse, afunseni. Mukhozanso kugawana tebulo ndi mnzanu wogulitsa zina, monga zosoka kapena zamikanda. Kuyala pamsewu popanda chilolezo ndikukuletsani. Apolisi a mzinda a JMPD amalanda katundu, ndipo ntchito ya miyezi iwiri imakwera galimoto inu mukuyang'ana. Masitolo ndi magalari amene amakugulitsirani amatenga gawo lawo, kawirikawiri 40 kapena 50 pa 100 iliyonse. Si kuba, lendi yawo ndi yaikulu, koma chilichonse chilembedwe: tizithunzi tingati, mtengo wanji, adzalipira liti, ndipo onse awiri musaine. Ine ndinasiyapo 12 pa kasitolo kena ka mphatso, mwiniwake wokoma m'kamwa, tinangogwirana chanza. Nditapitako patatha miyezi iwiri ndinapeza pa zenera pamatidwa nyuzipepala, foni yake yosagwira. Ndinalibe ngakhale kapepala koonetsa kuti tinali tanga.

Anthu ambiri sayenda ndi ndalama m'thumba masiku ano, ndiye kamakina ka khadi ngati ka Yoco n'kofunika, ndipo kamafuna akaunti ya ku banki ya konkuno. Apa pakubwera nkhani ya mapepala, imene sindingailumphe. Chidindo cha masiku 30 chimene timalandira pa pasipoti polowa sichilola ntchito kapena bizinesi. Onetsetsani chimene pemiti yanu ikulola musanalembetse pa msika uliwonse, chifukwa oyendetsa misika ndi mabanki amafunsa. Pa za intaneti, Instagram ndi sitetasi ya WhatsApp zimagwira ntchito ngati muikapo kawirikawiri. Lorraine Loots wa ku Cape Town anadziwika dziko lonse chifukwa mu 2013 ankapenta kachithunzi kamodzi kangati ndalama yachitsulo tsiku lililonse n'kumakaonetsa, mpaka anthu anayamba kusungitsiratu masiku awo. Chimene chinakoka anthu ndi kusaphonya tsiku. Wogula wa pa foni akakutumizirani umboni woti walipira, musatumize katundu mpaka ndalama ioneke mu akaunti yanu, maumboni abodza ndi ambiri. Potumiza, makampani otumiza katundu ngati Paxi ndi PostNet amanyamula kaphukusi kotere. Ikani kachithunzi pakati pa makatoni awiri olimba, ndipo galasi musatumize ngati pali njira ina.

Padzabwera ofuna muwapentere galu wawo, nyumba yawo kapena mwana wawo. Ntchito zimenezi zimalipira bwino kuposa za pa msika. Landirani theka musanayambe, ndipo munene poyambirira kuti kukonza ndi kamodzi kokha, apo ayi mudzasintha khutu la galu kasanu. Dziwaninso lamulo la umwini wa zaluso la dziko lino, la mu 1978. Mukagulitsa chithunzi cha maluwa kapena cha nsanja, wogula watenga thabwalo, koma ufulu wosindikiza makhadi ndi makope ake umatsala ndi inu. Pa chithunzi cha nkhope ya munthu chimene wina wakutumani n'kulipira, ufuluwo umapita kwa wolipirayo pokhapokha mutagwirizana zina. Ndipo chithunzi chimene mwachipeza pa intaneti chili ndi mwini wake. Jambulani zanu pa foni, m'gadeni momwemo, mutapempha eni ake.

Tsopano za mayi wofuna muphunzitse ana ake. Pa zonse mwalembazi, iyi ndiye nkhani imene yandisangalatsa kwambiri, ngakhale inu mwaiika kumapeto ngati yongowonjezera. Kuphunzitsa ndiko kumalipira lendi yanga. Msika umadalira nyengo, mvula ndi matumba a anthu, koma mwana amene walembetsa amabwera Loweruka lililonse, mu January momwe. Tiyerekezenso: ana asanu, R150 aliyense pa phunziro la ola ndi theka, Loweruka anayi, ndi R3,000 pa mwezi, m'mawa umodzi pa sabata. Kuti mupeze ndalama yomweyo pa msika mufunika kugulitsa tizithunzi 13. Muuzeni mayiyo aitane ana a anzake awiri kapena atatu, chifukwa ana awiri a mimba imodzi amangokangana, gulu limaphunzira bwino. Malipiro akhale a mwezi wonse, kumayambiriro, ndipo mwana akajomba ndalama sibwerera. Mukalola zolipira pa tsiku mudzakwera matakisi awiri n'kukapeza banja lapita ku phwando. Zipangizo muzibweretsa inu n'kuziwerengera mu mtengo, mukasiyira makolo amagula penti wa zidole.

Dzitetezeni. Muziphunzitsira poonekera, pakhonde kapena pa tebulo lodyera, munthu wamkulu wa pakhomopo ali pafupi, ndipo musatsale nokha ndi mwana chitseko chili chotseka. Kapezeni kalata ya ku polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, imene amakudindani zala. Masukulu amaifuna, ndipo makolo mukawaonetsa asanafunse amakukhulupirirani msanga.

Pophunzitsa pali lamulo limodzi limene ndinaliphunzira mochedwa: burashi yanu isakhudze pepala la mwana. Ndinali ndi kamtsikana ka zaka 9 kamene kankafufuta mpaka pepala kubooka. Tsiku lina kanapenta ndimu, lopindika ndithu, ndipo ine pofuna kuthandiza ndinatenga burashi n'kuwongola mbali imodzi, n'kuikapo kamthunzi. Linakongola. Mayi ake atabwera anayamikira kwambiri, koma mwanayo anangoti, "Si langa," n'kulisiya pa tebulo. Sabata yotsatira sanafune kugwira burashi. Kuyambira pamenepo ndimakhala ndi pepala langa pambali, ndikafuna kuonetsa kanthu ndimaonetsa pamenepo, iye abwerere pa lake. Mafufutiro ndinawachotsa onse. Phunziro loyamba sindiphunzitsa kujambula n'komwe, ndimawapatsa mitundu itatu ndi woyera kuti apeze zobiriwira zisanu zosiyana, kenako timatuluka panja kukafananiza ndi masamba enieni. Pamenepo inu mudzawaposa aphunzitsi onse, chifukwa masambawo mukuwadziwa ndi mayina omwe. Za Chingerezi musaope, pa ntchito iyi manja ndi amene amalankhula kwambiri. Akuluakulu nawo adzabwera, amayi a anawo makamaka. Iwo amalipira bwinoko, koma amafuna kubwerera kunyumba ndi chinthu chomalizidwa tsiku lomwelo, ndipo kathabwa ka A6 kamathekadi m'maola awiri.

Muzipezanso nthawi yokaona ntchito za ena. Kulowa m'magalari ogulitsa zithunzi monga Everard Read ku Rosebank kapena Goodman Gallery ku Parkwood salipiritsa, ngakhale pakhomo pake pamaopsa ukavala nsapato za m'gadeni. Lowani basi. Ku Braamfontein kuli Wits Art Museum, ndipo ku August House ku Doornfontein ndi ku Bag Factory ku Fordsburg, imene David Koloane ndi anzake anayambitsa mu 1991, ojambula amatsegula zitseko zawo masiku ena kuti anthu aone mmene amagwirira ntchito. Safunsa anadya phula, kafunseni kumene amaoda mafulemu.

Chimene ndingachite nditakhala inu ndi ichi. Gulani kope lachikuto cholimba, muzilembamo kachithunzi kalikonse: tsiku, muyezo, maola, ndalama zimene kadya, kumene kagulidwa ndi mtengo wake. Kumbuyo kwa thabwa lililonse lembani nambala yomweyo, dzina lanu ndi chaka. Ndalama za penti zisasakanikirane ndi za malipiro. Pofika October mukhale ndi tizithunzi 40 tomalizidwa, muyese misika itatu kapena inayi. Zikayenda, chaka chamawa pemphani abwana kuti muzigwira masiku anayi m'malo mwa asanu, ambiri amalola kusiyana n'kutaya munthu wodziwa gadeni yawo. Kenako atatu. Tsiku losiyiratu lidzaoneka m'kopemo, pamene penti ndi maphunziro zakwanitsa zofunika zanu zonse miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, January ndi February ali momwemo, ndipo lendi ya miyezi itatu ili padera. Ine zinanditengera zaka zinayi, ndipo mpanda wa gogo uja ndinaupentanso kawiri m'zaka zimenezo.

Mayi wa ana uja muyankheni sabata ino asanapeze wina. Mtengo mumuuze wa mwezi, nthawi ikhale 9 koloko m'mawa ana asanatope. Tengani mapepala olimba, maburashi asanu a nambala 6, mitundu itatu ndi woyera, nyuzipepala zoyala pa tebulo, ndi malaya akale oti avale pamwamba, chifukwa acrylic akauma pa nsalu sachoka. Mandimu a phunziro lachiwiri mugule atatu, limodzi pamakhala wina amene amaliboola ndi pensulo.